Ku Joni, m'chipinda cha mdima momwe amawerenga mafotoni

Loweruka

Basi yatitula pa Park Station kukuda, miyendo itatupa. Pa Mwanza ndi pa Nyamapanda sipanavute, koma pa Beitbridge tinaima pamzere mpaka tambala kulira. Kuzizira kwa Joni mwezi wa June n'kwina. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera panyanja yamchere, ndipo mphepo yake imang'amba milomo. Mwana wa mlongo wanga anali akudikira kale, jekete lina lili m'manja. "Amalume, valani kaye ili, moni tipatsana m'galimoto."

Ndabwera patchuthi, koma chondikoka ndi sukulu ya mnyamatayu. Ine ntchito yanga ndi ya mu labu pachipatala cha boma kwathu: kupaka magazi pa silaidi, kuthira utoto wa Giemsa, kudontheza mafuta, kenako kuwerama pa lenzi ya 100 kusaka tizilombo ta malungo. Iye akuchita digiri yachiwiri ya fizikisi pa yunivesite ya Wits. Anandiuza pafoni kuti akuphunzira njira yopangitsa maikulosikopu kuona tinthu timene yangayo singaone, komanso ndi kuwala kofooka kwambiri. Ndinamuyankha kuti zimenezo ndidzaziona ndekha.

Akukhala ku Turffontein, m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni ake. Tadya, ndikukagona.

Lamulungu

Tapemphera ndi Amalawi anzathu mu holo yobwereka ku Rosettenville. Titatuluka, mayi wina wa ku Mangochi amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton anatiitanira nsima ya usipa, umene anawatumizira pa basi. Tili pakati pa kudya anamufunsa mnyamatayu kuti kusukuluko amaphunzira chiyani chimene sichitha.

Iye anati, "Mayi, usiku asodzi a usipa akayatsa nyali kutali panyanja, mabwato awiri atayandikana kwambiri, inu muli pagombe mumaona nyali zingati?"

"Imodzi."

"Maikulosikopu ya amalumewa nayonso imatero. Tinthu tiwiri tikayandikana mopitirira muyeso, imationetsa ngati kamodzi. Ine ndikuphunzira kuzilekanitsa nyalizo."

Mayiwo anakhutira. Ine ndinapitiriza naye nkhaniyi pobwerera, chifukwa muyeso umenewu ndimakumana nawo tsiku lililonse. Ophunzira akabwera ku labu kwathu amaganiza kuti mphamvu ya maikulosikopu ili pa kukulitsa. Ukapitirira kukulitsa ka 1,000, chithunzi chimangokula koma sichikuuza chatsopano chilichonse. Chimene chimatsekereza ndi kuwala kwenikweniko. Kumayenda ngati mafunde, ndipo kukadutsa pa lenzi kumamwazika pang'ono, moti kadontho sikafika m'diso ngati kadontho koma ngati kabanga. Ernst Abbe, amene ankagwira ntchito ndi Carl Zeiss ku Jena, anazilemba m'masamu mu 1873: sungalekanitse tinthu toyandikana kuposa pafupifupi theka la kutalika kwa funde la kuwala kumene ukuunikira. Funde la kuwala kobiriwira ndi mananomita pafupifupi 550, ndipo lenzi yabwino kwambiri ya mafuta imakafika pa mananomita 200 basi. Milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000.

Selo lofiira la magazi ndi mananomita 7,000 mpaka 8,000 m'mimba mwake, n'chifukwa chake timaliona bwinobwino. Kamphete ka kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum, kokhala m'kati mwake timakaonanso. Koma kachilombo ka HIV, ka mananomita pafupifupi 120, sindinakaonepo pa maikulosikopu yanga ndipo sindidzakaona, ngakhale nditapukuta lenzi chotani.

Lolemba

Takwera takisi mpaka m'tauni, kenako wapansi kuwoloka Nelson Mandela Bridge, pansi pathu masitima atandandalika, mpaka ku Braamfontein. Wits inakhala yunivesite mu 1922, koma inachokera ku sukulu ya za migodi imene inayamba ku Kimberley mu 1896. Pokwera masitepe a Great Hall ndinakumbukira agogo athu aamuna amene anabwera kuno pa Wenela kudzakumba golide. Iwo mzinda uno ankaudziwira pansi pa nthaka.

Mnyamatayu anandikumbutsa kuti Aaron Klug, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1982 chifukwa cha njira zoonera tinthu ta m'zamoyo ndi maikulosikopu ya ma elekitironi, digiri yake yoyamba anaitenga pomwepa. Maikulosikopu imeneyo imadumpha muyeso wa Abbe kutalitali, koma chimene ukuyang'anacho chiyenera kukhala chakufa, choumitsidwa, m'malo mopanda mpweya. Kuwala kwa funde lalifupi ngati ultraviolet nakonso kumathandiza, koma kumapsereza selo. Eric Betzig, Stefan Hell ndi William Moerner analandira Nobel mu 2014 chifukwa cha njira zina zozembera muyesowo, zimene zimafuna kumata utoto wowala pa selo, ndipo kawirikawiri kuliomba ndi kuwala kwamphamvu. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake, ndipo wolipira amakhala selo lija. Za kuwala pa Wits zimadziwika ndi gulu la Structured Light Laboratory lotsogozedwa ndi Pulofesa Andrew Forbes, amene kale anali ku bungwe la kafukufuku la CSIR ku Pretoria.

Tisanalowe m'chipinda cha labu mnyamatayu anandiuza ndivule wotchi ndi mphete, poti chitsulo chonyezimira chingabweze laser m'maso mwa munthu. Anandipatsa magalasi alalanje. Pakati pa chipindacho pali tebulo lachitsulo lolemera, lobooledwa timabowo m'mizere, miyendo yake yoyandama pa mpweya kuti kugunda kwa phazi kusagwedeze kanthu. Pamwamba pake pali tigalasi, timalenzi ndi tizitsulo tomangidwa ndi masikuluu, chilichonse pamalo pake. Ndinayika manja kumbuyo osauzidwa.

Anazimitsa magetsi, nayatsa laser. Kakuwala kapepo, ka mananomita 405, kanagwa pa kakristalo kooneka ngati galasi wamba, ka mamilimita ochepa, kamene amakatcha BBO. Anandiuza kuti pafupifupi kuwala konse kumangodutsa. Koma mwa apo ndi apo, pa mafotoni mamiliyoni ambirimbiri, fotoni imodzi imagawika n'kukhala awiri. Fotoni ndi kachidutswa kochepetsetsa ka kuwala kamene chipangizo chingawerenge. Mphamvu siitayika, choncho aliyense wa awiriwo amatenga theka, ndipo funde lake limatalika kawiri: mananomita 810, chakumapeto kwa kufiira kumene diso limalephera. Kutsogolo kwa kakristaloko anaikako sefa yotsekereza kuwala kwapepo. Kuseri kwa sefayo ndinayang'anitsitsa, sindinaone kanthu.

Oona anali ma detector awiri, zipangizo zowerenga mafotoni, lina kumanzere lina kumanja, ndi kompyuta imene inali ndi manambala atatu. Yoyamba inkawerenga mafotoni ofika kumanzere, yachiwiri ofika kumanja. Yachitatu, yocheperapo kwambiri, inkawerenga nthawi zimene mbali zonse ziwiri zagunda limodzi. Anatenga kakhadi kakuda nakayika panjira ya kumanzere. Nambala ya kumanja sinasinthe, koma yachitatu inagwa mpaka kutsala pang'ono kufika pa ziro. Atachotsa kakhadiko inakweranso. Ndinamupempha kuti andipatse kakhadiko ndiyese ndekha, ndipo zinachitika chimodzimodzi. Mtima unandigunda ndithu.

"Amalume, kubadwa limodzi kokha si nkhani," anatero. Awiriwa amabadwira pamalo amodzi enieni m'kakristalo, ndipo wina akapatukira pang'ono kumanzere, mnzake amapatukira kumanja mofanana. Koma palibe mwa iwo amene ali ndi malo kapena njira yakeyake yokhazikika asanayezedwe. Chokhazikika ndi ubale wawo. Kulumikizana kumeneku ndi kumene a sayansi ya quantum, sayansi ya tinthu tochepetsetsa ngati mafotoni, amakutcha entanglement. Albert Einstein, Boris Podolsky ndi Nathan Rosen anachikayikira mu 1935, poganiza kuti payenera kukhala china chobisika chimene awiriwa amanyamula pochoka. John Bell mu 1964 anapeza njira yoyesera ganizo limenelo, ndipo John Clauser mu 1972, Alain Aspect mu 1982, kenako Anton Zeilinger anayesadi. Chobisika cha mtundu umene Einstein ankayembekezera sichinapezeke. Clauser, Aspect ndi Zeilinger analandira Nobel mu 2022. Mnyamatayu anandichenjezanso kuti ndisakauze anthu kwathu kuti mafotoniwa amatumizirana uthenga. Ukayang'ana mbali imodzi yokha umangoona manambala osokonekera. Ubale umaoneka ukaika zolemba za mbali zonse ziwiri pamodzi.

Lachiwiri

Masana mnyamatayu anali kuthandiza ophunzira a chaka choyamba, ine ndinatsala kunyumba ndi mapepala amene anandisindikizira. Madzulo tinakhala pafupi ndi hita, tiyi m'manja, n'kuyamba kukambirana chimene chinandibweretsa.

Mfundo yake ndi iyi. Ukajambula ndi mafotoni a 810 mmodzimmodzi, muyeso wa Abbe umakugwira pa funde la 810. Koma ukamangowerenga nthawi zimene awiri olumikizana afika limodzi, n'kutaya zina zonse, awiriwo amachita ngati fotoni imodzi ya funde la 405. Funde lafupika ndi theka, ndiye kuti tinthu tolekanitsika tachepanso ndi theka. Gulu la Jonathan Dowling linalemba ganizo lotere mu 2000, likuganizira zosindikiza timizere tating'ono pa machipu a kompyuta, ndipo masamu amati mafotoni atatu olumikizana angagawe funde patatu, anayi panayi. Mu 2023 gulu la Lihong Wang ku Caltech linapanga maikulosikopu yotere, n'kujambula nayo maselo a khansa mooneka bwino kawiri kuposa ndi kuwala wamba kwa mtundu womwewo.

Apa ndinamudula. "Iwe, laser yako yapepo ija si ya 405 kale? Bwanji osangounikira nayo selolo, m'malo movutika kuigawa kuti ukapezenso 405 yemweyo?"

Anaseka, nati funso limenelo ndi limene wophunzira aliyense amayenera kuyankha asanapatsidwe digiri. N'zoona, pa kulekanitsa kokha sunapindule kuposa laser ija. Phindu lili pa selo. Fotoni yapepo imanyamula mphamvu yokwanira kuwononga zinthu m'kati mwa selo lamoyo, pamene ya 810 imanyamula theka lake, imadutsa mofatsa, ndipo imalowa mozama m'mnofu. Umapeza chithunzi cha kuwala kwapepo koma selo laombedwa ndi kuwala kofiira, kochepanso zedi. Yankho limeneli linandikhutiritsa kuposa zonena zazikulu zimene ndinkayembekezera, chifukwa ndi lochepa ndipo ndi loona. Ine maselo amene ndimaona onse ndi akufa, owumitsidwa ndi methanol, opakidwa utoto. Kuona tizilombo tili moyo, tikugwira ntchito yake, popanda kutipha ndi nyali yako yomwe, ndi chinthu chachikulu.

Palinso muyeso wachiwiri umene sindinkauganizira. Mafotoni a laser wamba safika mwadongosolo. Ukayembekezera 100, kuwerenga kwako kumasinthasintha ndi 10 kapena chapompo. Ukayembekezera 10,000 kumasinthasintha ndi 100, amene ndi 1 pa 100 alionse. Ndiye kuti chithunzi chiyere ka 10 uyenera kuwonjezera kuwala ka 100, ndipo selo limapsa usanafike. Mafotoni olumikizana amachepetsa kusinthasintha kumeneku popanda kuwonjezera kuwala. Ku Hokkaido University mu 2013, gulu la Shigeki Takeuchi linajambula chilembo cha Q chotukuka mananomita 17 okha pagalasi, ndipo chinaoneka bwino ka 1.35 kuposa mmene mafotoni wamba ochuluka chimodzimodzi akanachionetsera. Ku University of Queensland mu 2021, gulu la Warwick Bowen linagwiritsa ntchito kuwala kwa mtundu wapachibale ndi umenewu pa selo la yisiti, n'kuyeretsa chithunzi ndi 35 pa 100 alionse pamene kuwonjezera kuwala kukanaliwononga.

Manambala amenewa ndi aang'ono, ndipo mnyamatayu sabisa. Kakristalo kamabala awiriawiri ochepa, choncho kamera imayenera kutola zithunzi zambirimbiri kuti chituluke chimodzi. Fotoni imodzi mwa awiriwo ikatayika pa lenzi kapena pafumbi, mnzakeyo wasanduka phokoso chabe. Kulumikiza atatu kapena anayi n'kovuta koposa.

Lachitatu

Lero ndakwiya.

Tinapita m'tauni kukagula mabulangete ndi nsapato za ana cha ku Small Street. Mayi uja wa ku Mangochi anali pa ofu, anatiperekeza, ndipo m'njira anatipempha kuti timudikire pang'ono, akufuna kukayezetsa. Tinakwera naye masitepe a nyumba ina. M'kachipinda munali tebulo, laputopu, ndi kabokosi kasiliva kolembedwa quantum ndi zilembo zazikulu. Mnyamata wovala gauni loyera anamupatsa kachitsulo kozungulira kuti afumbate. Pasanathe mphindi ziwiri laputopu inatulutsa masamba ambirimbiri: chiwindi, impso, mafupa, shuga, magazi, zonse ndi mizere yofiira ndi yobiriwira. Anamuuza kuti impso zatopa, ndipo mabotolo a mankhwala ake anali kale pashelefu kumbuyo kwake, mtengo wake marandi mazanamazana.

Ndinafunsa mwaulemu kuti kachitsuloko kamayeza chiyani m'thupi. Anati kamamva mafunde a maselo. Mwana wa mlongo wanga anangoyang'ana pansi. Ndinamukokera mayiyo pakhonde. "Achemwali, impso timayeza ndi magazi ndi mkodzo. Chitsulo chofumbata sichingadziwe creatinine wanu, amene timayeza m'magazi poona mmene impso zikugwirira ntchito. Ngati msana ukuwawa ndipo miyendo ikutupa, tiyeni kukiliniki, akakuyezeni BP ndi shuga." Anati kukiliniki amaopa mizere ndi mafunso a mapepala, pamene apa amamulandira bwino ndipo amamupatsa zolemba zoti agwire m'manja. Ndinamumvetsa. Mabotolo sanagule, koma ya kuyezetsa inali itapita kale.

Timabokosi timeneti tafikanso kwathu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Odwala amabwera ku labu atanyamula masamba ake, ena atasiya mankhwala a kuchipatala. Dzana lomweli ndinaona chimene chimafunika kuti munthu awerenge mafotoni awiri okha molondola: mdima, tebulo loyandama, masabata a kuwongola tigalasi. Pobwerera m'takisi mnyamatayu anati chaka cha 2025 bungwe la United Nations linachipatula kukhala cha sayansi ya quantum, ndipo mawuwa akamatchuka, ogulitsa nawonso amawatola. Ndinamuuza kuti akadzabwera kumudzi pa Khirisimasi akalankhule pa sekondale yathu, ndi zithunzi za tebulo lake.

Lachinayi

Tabwerera ku labu. Lero anandionetsa chimene amachitcha ghost imaging. Fotoni imodzi imapita kumene kuli chinthu chojambulidwa, ndipo kuseri kwa chinthucho kuli detector yosaona chithunzi, yongonena kuti yadutsa kapena sinadutse. Mnzake amapita njira ina kumene kulibe chinthu chilichonse, koma kumeneko ndi kumene amayeza malo amene wafikira. Mbali iliyonse payokha ilibe chithunzi. Kompyuta ikasunga malo a okhawo amene anzawo adutsa, chithunzi chimayamba kutuluka. Tinakhala pamipando mumdima tikuyang'ana sikirini. Poyamba panali timadontho tomwazika. Pang'onopang'ono m'mphepete munayamba kuoneka, kenako ngodya, mpaka ndinazindikira chilembo chimene anadula pakapepala kakuda.

Oyamba kuchita izi anali a gulu la Yanhua Shih ku Maryland mu 1995, ndipo anajambula zilembo za yunivesite yawo, UMBC. Mu 2002 a ku Rochester anaonetsa kuti chithunzi chotere chingathekenso ndi kuwala wamba kokonzedwa bwino, choncho si chilichonse chodabwitsa chimene chimafuna entanglement. Chimene chinandikopa kwambiri ndi cha ku Vienna mu 2014, cha Gabriela Barreto Lemos m'gulu la Zeilinger. Awiriwo anali a mitundu yosiyana. Wa funde la 1,550 ndi amene anadutsa pa kachithunzi ka mphaka, ndipo sanawerengedwe n'komwe. Kamera inaona a 810 okha, amene mphakayo sanamukhudze, koma mphaka anatuluka. Ntchito yake ndi yoonekeratu kwa munthu wa labu. Mafuta, mapuloteni ndi zina za m'selo zimamwa kuwala kwa infrared, kwa funde lalitali losaoneka ndi maso, mosiyanasiyana, moti ungazisiyanitse popanda utoto, koma makamera a infrared yakuya ndi odula ndiponso aphokoso. Njira imeneyi imalola kuunikira ndi infrared uku ukujambula ndi kamera wamba.

Gulu la pa Wits lasindikizapo za kuphunzitsa kompyuta kuzindikira chithunzi cha ghost imaging chisanathe kudzaza, kuti kuyeza kuime msanga. Nditakhala mumdima muja mpaka msana kuwawa, ndinamvetsa chifukwa chake.

Lachisanu

M'mawa ndagula mafuta a lenzi ndi mapepala opukutira, za ndalama yanga, chifukwa kwathu zikatha timadikira. Masana tinadya chipisi ndi nkhuku pa Jorissen Street, ndipo anandifunsa kuti akanandipatsa maikulosikopu yotereyi itakhwima, ndikanayamba kuyang'ana chiyani.

Sindinachedwe kuyankha. Kachilombo ka malungo kakaphulika m'selo lofiira, tiana take totchedwa timerozoiti timatuluka, kalikonse kopitirira pang'ono mananomita 1,000, n'kukamata selo lina. Kamatembenuka kuti kamutu kaloze pa selolo, kamapanga kamkombero kogwirana ndi khungu lake, n'kudzikankhira m'kati kudzera m'kamkomberoko. James Dvorak ndi anzake anajambula kulowa kumeneku pa filimu mu 1975, koma tizigawo timene timagwira ntchitoyo, timene ofufuza katemera amalimbana nato, tambiri n'tochepa kuposa mananomita 200. Ndikufuna kuona pamenepo, kachilombo kali moyo.

Anafunsa kuti kulowako kumatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinati sikukwana mphindi imodzi. Anatenga cholembera n'kuyamba kuwerengera kuseri kwa lisiti: awiriawiri angati pa sekondi, angati otayika m'njira, angati ofunika pa kadontho kalikonse ka chithunzi. Atamaliza anapukusa mutu. Pa tebulo lake, merozoiti ingalowe, kukula, kugawikana n'kuphulikanso patapita maola 48, iye akadatolerabe zithunzi zochepa chabe zooneka bwino. Pakufunika makristalo obala awiriawiri ochuluka kwambiri, ndi makamera amene kadontho kalikonse kamalemba nthawi imene fotoni yafika. Makamera oterowo, a SPAD, ayamba kupezeka, ndipo akuti mutu wachitatu wa pepala lake la digiri uli pa iwo. Lisitilo analipinda n'kuliika m'chikwama.

Basi inyamuka mawa m'mawa pa Park Station. Katundu wachuluka, ndipo mayi wa ku Mangochi wabweretsanso chikwama choti ndikasiyire ana ake pa Wenela ku Blantyre. Wandiuza kuti Lolemba apita kukiliniki, mnyamatayu amuperekeza.